Lamulungu la mwana wathu wa ku Joni



M'miphakati yathu masiku ano ndi mabanja owerengeka amene alibe mwana, mlongo kapena mdzukulu ku South Africa. Ena ali ku Cape Town, ena ku Durban, koma ambiri timangoti ali ku Joni, ndiye kuti ku Johannesburg ndi madera ozungulira mzindawo. Anthu amenewa timawaona kudzera m'zinthu ziwiri: uthenga wa ndalama umene umalowa pa foni mwezi ukatha, ndi zithunzi zimene amaika pa WhatsApp kapena pa Facebook Lamulungu madzulo. Uthenga wa ndalama timaulandira ndi manja awiri, koma zithunzi timazilandira titachita tsinya. Mnyamata akajambulitsa atakhala pa kapinga m'mbali mwa dziwe, atavala jekete latsopano, nyama ikupsa pa makala, kuno mawu amayamba kuyenda: "Mwamuona mwana wanu? Akudyerera, pamene ife kuno feteleza sitinagule."

Sabata ino ndikufuna kuikira kumbuyo tsiku lopuma la mwana ameneyu. Kupita kwake kokapitidwa mphepo si kumwaza chuma, ndipo ife amene timadya thukuta lake tilibe chifukwa chomuonera m'kodi. Pambuyo pake ndilankhulanso kwa iye mwini, pakuti tsiku lomwelo likhoza kumulimbitsa, likhozanso kumugwetsa.

Masiku asanu ndi limodzi amene sajambulidwa

Ulendo wake udayambira pa basi: kutuluka pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kuima pa mzere maola ambirimbiri pa Beitbridge, ndi kukatsikira pa Park Station patatha pafupifupi masiku awiri. Pa chipata adamudindira masiku 30, chifukwa ndiwo amene Mmalawi amaloledwa kukhala m'dzikomo ngati mlendo wodzacheza, ndipo chidindo chimenechi sichimupatsa ufulu wogwira ntchito. Amene ali ndi chilolezo cha ntchito amayenda mtima uli m'malo. Amene alibe amayenda mtima uli m'mwamba, podziwa kuti ku Krugersdorp kuli malo otchedwa Lindela, kumene amasungirako anthu oyembekeza kubwezedwa kwawo.

Ntchito zake timazidziwa: kusamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba za eni, kuchapa ndi kulera ana, kugulitsa m'shopu, kusoka, kumanga, kulondera, kutsuka mbale m'malo odyera. Amadzuka kudakali mdima kuti akapeze malo m'minibasi zimene kumeneko amazitcha taxi, ndipo asanaphunzire chilankhulo amayamba waphunzira kulankhula ndi zala, chifukwa dalaivala amaima poona chizindikiro cha dzanja chosonyeza kumene munthu akupita. Madzulo amabwerera ku kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana, kapena ku chipinda chimene anthu anayi adachigawa ndi nsalu, kapena ku chisakasa cha malata ku Diepsloot. Mzinda wa Johannesburg uli pamwamba kuposa boma la Dedza, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chake chimayeretsa udzu m'mawa. Za kuopsa kwa malo ena ogona tidazimva pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ina yosanja ku Marshalltown, pakati pa mzindawo, idapsa ndi kupha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu.

Tiwerengeko ndalama. Kuyambira mu 2019 dzikolo lili ndi lamulo la malipiro otsikitsitsa pa ola. Adayambira pa R20, ndipo mu 2025 adafika pa R28.79. Munthu wogwira maola 45 pa sabata pa mtengo umenewu amalandira pafupifupi R5,600 pa mwezi. Tikaisintha m'makwacha imamveka ngati chuma cha mfumu, koma mwiniyo sakhala m'dziko la makwacha. Lendi amalipira m'marandi, taxi m'marandi, ufa, magetsi ndi mankhwala m'marandi, ndipo potumiza kuno kudzera ku Mukuru kapena makampani ena otere amalipiranso mtengo wotumizira. Ambiri opanda mapepala salandira n'komwe malipiro a lamulowa, ngakhale khoti la zantchito la m'dzikomo lidagamula mu 2008 kuti mlendo wopanda chilolezo nayenso ndi wantchito wotetezedwa ndi malamulo. Mantha amamutseka pakamwa. Zimene zimafika m'manja mwathu, tsono, ndi zimene iye wadzimana. Chithunzi cha pa kapinga chija chikutionetsa maola atatu kapena anayi pa sabata yathunthu.

Kupuma si chifundo cha bwana

Lamulo la ntchito la South Africa la mu 1997 limati wantchito apume maola 36 otsatizana pa sabata iliyonse, ndipo maolawo aphatikizepo Lamulungu pokhapokha ngati pali mgwirizano wina. Lamulo la Mulungu lidanena zimenezi kalekale. M'buku la Deuteronomo, mutu 5, lamulo lachitatu silikamba za mwini nyumba yekha. Limatchula wantchito wamwamuna ndi wamkazi, ng'ombe ndi bulu, ndiponso mlendo wokhala pakati pa anthuwo, ndipo chifukwa chimene limapereka n'chakuti Aisraele nawonso adagwirapo ntchito yakalavulagaga m'dziko la eni. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya mu 1981 yotchedwa Laborem Exercens, adaika kupuma pakati pa maufulu a wantchito, adaphunzitsanso kuti munthu wogwira ntchito kunja kwa dziko lake asachitidwe mochepera kuposa eni dziko, ndipo umphawi umene udamusamutsa usakhale mpata womudyera masuku pamutu.

Bwana akamumana mwana wathu tsiku lopuma, tonse timavomereza kuti imeneyo ndi nkhanza. Koma pali bwana wachiwiri amene sitimutchula, ndiye foni yochokera kumudzi. Imalira Lachisanu madzulo, imalira Loweruka, imalira pakati pa Misa. Uyu akufuna fizi, uyu malata, uyu za chinkhoswe, uyu za mwala wa pa manda, uyu akungofuna mayunitsi. Aliyense amaganiza kuti wapempha pang'ono, osadziwa kuti ndi wachisanu ndi chitatu kupempha mwezi womwewo. Mwanayo pochita manyazi amafuna ganyu wa Lamulungu, ndipo tsiku limene lamulo lidamupatsa, abale ake amamulanda.

Ndikudziwa yankho la ena mwa inu, ndipo silopanda nzeru. Mudzati: mavuto a kuno si ongopeka. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya feteleza, shuga ndi mafuta idakwera osayang'ana nkhope. Mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi sangaone chithunzi cha nyama yootcha mtima uli phee. Zoona. Ndiponso mwana ali ndi udindo kwa makolo ake, udindo umene mtunda suufafaniza. Koma ngakhale mlimi wouma mtima amadziwa kuti ng'ombe yokoka ngolo tsiku ndi tsiku osaimasula goli siimaliza chaka. Mnyamata amene wadwala ndi kutopa, kapena amene maganizo amufooketsa ali yekhayekha m'kachipinda, satumiza kanthu. Ndipo mfundo ya ng'ombeyi ndi yotsika, ndangoyambira pamenepo chifukwa ndi imene imamveka msanga. Mfundo yeniyeni ndi yakuti mwana ameneyu si ng'ombe. Ali ndi zaka 24 kamodzi kokha, monga anzake amene adatsala kuno, amene Lamulungu amapita ku kwaya, ku mpira ndi kokacheza popanda wowawerengera.

Mbiri yathu ikadatiphunzitsa. Agogo athu adapita ku migodi kudzera ku Wenela, pambuyo pake ku Theba. Mu 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma la Kamuzu Banda lidaimitsa kulemba anthu ntchitoyo. Idayambiranso patapita zaka zochepa mpaka kutha mu 1988. Amuna a nthawi imeneyo ankakhala m'makomponi a amuna okhaokha, ndipo chisangalalo chimene chidali pafupi kwambiri chidali cha pa mowa. M'nyengo zimenezo ndi mmene chilankhulo chathu chidazolowera mawu akuti mtchona, munthu amene adapita osabweranso. Maganizo anga ndi akuti ambiri sadatchone chifukwa chodana ndi kwawo. Adatchona chifukwa cha manyazi: adalephera kukwaniritsa zimene ankayembekezeredwa, kalata idayamba kulemera kuilemba, kenaka adangoti zii. Lero mtchona sasowa njira yolembera kalata, amangosintha nambala ya foni. Tikamamuona mwana ngati nkhokwe yokha, tisadabwe tsiku limene nkhokweyo idzatseke khomo.

Kokayenda kulipo, ndipo kwina n'kwaulere

Tsono kwa iwe mnzanga amene uli kumeneko, kapena amene ukukonza ulendo: tsiku lako lopuma usalithere pa bedi ukuyang'ana foni. Mzinda umene ukuutumikira uli ndi malo amene sufunika kulipira pakhomo. Ku Zoo Lake anthu a mitundu yonse amayala nsalu pa kapinga ndi kudya zimene abwera nazo. Ku Emmarentia kuli munda waukulu wa maluwa ndi mitengo m'mbali mwa damu. Mu Okutobala mitengo ya jakaranda imachita maluwa m'misewu yambiri, monga imachitira ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo kuyenda pansi pake sikufuna tikiti. Munthu amene sabata yonse wakhala akuthirira maluwa a mwini ali ndi ufulu wokhala pansi ndi kuyang'ana maluwa opanda womutuma.

Kamodzi pa nthawi sunga ndalama yochepa ukaone malo a mbiri. Pa Constitution Hill, pafupi ndi Hillbrow, pali ndende yakale imene adatsekeredwamo Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela pa nyengo zosiyana, ndipo lero pomwepo ndi pamene pali khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Ku Soweto kuli nyumba yokumbukira Hector Pieterson, mwana wa sukulu amene adaomberedwa pa 16 Juni 1976, tsiku limene ophunzira adakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Chapafupi pali msewu wa Vilakazi, umene Mandela ndi Desmond Tutu adali ndi nyumba zawo. Kulinso tchalitchi cha Katolika cha Regina Mundi, kumene ana ankathawira apolisi m'chaka chomwecho, ndipo zipsera za zipolopolo adazisiya kuti zioneke mpaka lero. Amene waona malo amenewa amayamba kumvetsa anthu amene amakwera nawo taxi: kumene mkwiyo wawo udachokera, ndi chimene adalonjezedwa mu 1994 chomwe ambiri sanachigwirebe m'manja.

Sindikunena kuti kuyenda kumathetsa chidani. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zidayambira ku Alexandra ndi kupha anthu 62. Zidabukanso mu 2015, pamene boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi amene adathawa m'nyumba zawo, ndiponso mu 2019. Nzeru zikufunika: kuyenda awiri kapena atatu, kubwerera kusanade, kunyamula mapepala, kumvera akuluakulu amene adakhalitsa akanena kuti lero mbali yakuti musapiteko. Safunsa adadya phula. Komabe munthu amene amangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kuchipinda amakhala mlendo zaka khumi, ndipo tsiku la mavuto palibe mwini dziko amene amamudziwa dzina. Phunzira Chizulu kapena Chisotho. Sichili kutali monga umaganizira: ife timati munthu, iwo umuntu, ife nyama, iwo inyama, ife mvula, iwo imvula. Angoni a ku Mzimba, ku Mchinji, ku Dedza ndi ku Ntcheu makolo awo adachokera kum'mwera komweko, ndipo gulu la Zwangendaba lidawoloka Zambezi mu 1835. Moni wa m'chilankhulo cha mwini amatsegula makomo amene pasipoti singatsegule.

Usaiwalenso anzako a kwanu. Mpira wa Lamulungu masana pa bwalo la fumbi, nsima ya usipa umene wabwera pa basi, mpunga wa Kilombero wophikidwa m'poto mmodzi anthu khumi, kukangana za Bullets ndi Wanderers: zimenezi zimaoneka ngati kutaya nthawi, koma ndi m'macheza otere mmene munthu amamva kuti kwakuti kukufunika wantchito, kuti bwana wakuti salipira, kuti mnzathu wakuti wagonekedwa m'chipatala. Amene adali kumeneko mu 2020, chaka chimene Gabadinho Mhango adamaliza ligi ali ndi zigoli 16 ku Orlando Pirates ndi kukhala mmodzi mwa awiri otsogola pomwetsa zigoli, amakumbukira mmene zidakomera kutchedwa Mmalawi m'taxi. Ndipo tsoka likagwa, ndi anzako omwewa amene amasonkha ndalama kuti thupi lifike kumudzi. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga la kwa eni. Kwa ife Akatolika pali mwayi winanso: kaya ku Cathedral ya Christ the King pafupi ndi Hillbrow, kaya m'tchalitchi chaching'ono cha m'dera lako, dongosolo la Misa ndi lomwe udalizolowera kuno, ndipo ngakhale usanamve chilankhulo umadziwa poimirira ndi pogwada. Ndi malo amodzi mwa ochepa pamene bwana ndi wantchito wake amaima pa mzere umodzi.

Kwa alongo athu ogwira ntchito za m'nyumba, amene amagona pa ntchito pomwepo, tsiku lotuluka ndi chitetezo chenicheni. Izi zidaonekera poyera mu 2024, pamene dziko lidamva za atsikana ndi amayi a ku Malawi amene adapita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Oman, kumene ena adalandidwa mapasipoti ndi kutsekeredwa m'nyumba za mabwana. Phunziro lake ndi la kulikonse: wantchito amene saloledwa kutuluka, amene palibe womuona sabata ndi sabata, ali pangozi ngakhale malipiro atakoma bwanji. Musanavomere ntchito, funsani za tsiku lopuma monga mmene mumafunsira za ndalama.

Chikomekome cha mkuyu

Popeza ndakuikira kumbuyo, mnzanga, undilole ndikudzudzulenso. Pali kuyenda kumene kumapumitsa, pali kuyenda kumene kumangosamutsa malipiro kuchoka m'thumba lako kupita m'thumba la mwini bala ndi mwini juga. Ukalandira Lachisanu, pofika Lolemba n'kumakongola ya taxi, sunapume ayi, wangosintha bwana. Ukasiya mkazi ndi ana kuno, kumeneko n'kumadzitcha mbeta, kusungulumwa sikungakhale chodzikhululukira chako, chifukwa nayenso amene udamusiya akusungulumwa chimodzimodzi. Muyeso wake ndi wapafupi: Lolemba m'mawa, kodi wadzuka ndi mphamvu ndi mtima woyera, kapena ndi ngongole ndi nkhani zoti ubise?

Ndiyeno nkhani ya zithunzi. Kujambulitsa ukusangalala si tchimo, ndipo amayi ako amagona bwino akaona kuti mwana wawo akuseka. Koma kujambulitsa utatsamira galimoto ya bwana ku Sandton ngati yako, kubwereka nsapato za mnzako kuti kumudzi akutamande, limenelo ndi bodza, ndipo bodza limeneli lili ndi mtengo. Woyamba kulipira ndi iwe, chifukwa amene waona galimoto sangakhulupirire ukamati mwezi uno zavuta. Wachiwiri ndi mng'ono wako wa Fomu 3, amene amaona chithunzicho, n'kuyamba kuona sukulu ngati yochedwetsa, n'kugulitsa njinga ya bambo kuti akwere basi. Iye waona chikomekome cha mkuyu, iwe ndi amene ukudziwa nyerere zili m'kati. Uli ndi ngongole ya choonadi kwa iye. Muuze za chisanu, za chipinda cha anthu anayi, za miyezi imene udakhala osapeza ntchito, za kuopsa kokhala wopanda mapepala. Akasankha kubwera, abwere akudziwa.

Choonadi chomwecho ndi chimene chingakumasule kwa a kumudzi. Khala nawo pansi, ngakhale pa foni, uwauze zimene umalandira ndi zimene umalipira. Gwirizanani ndalama imene uzitumiza pa mwezi ndi munthu mmodzi woilandira, kuti zopempha zonse zizidzera kwa iye. Ina uzisunga m'dzina lako, pakuti tsiku lobwerera lidzafika, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona munthu amene adamangira abale onse nyumba akusowa pogona iye mwini. Yotsala pang'onoyo, ya taxi yopita ku Zoo Lake ndi ya botolo la zoziziritsa kukhosi, uidye popanda kudziimba mlandu.

Kwa ife otsala

Eklezia imakumbukira anthu osamuka ndi othawa kwawo chaka ndi chaka kuyambira mu 1914, ndipo masiku ano tsikulo kawirikawiri limakhala Lamulungu lomaliza la Sepitembala. Koma sitiyenera kudikira tsiku limenelo. Mphakati uliwonse ukhoza kulemba maina a ana ake amene ali kunja, kuwatchula m'mapemphero, ndi kufufuza za amene adasiya kumveka, osati kuti tiwakumbutse ngongole, koma kuti adziwe kuti akhoza kubwera ngakhale chimanjamanja ndipo tidzawalandira.

Ndipo aliyense wa ife amene ali ndi mbale kunja achite chinthu chimodzi sabata ino. Muimbireni foni ndi mayunitsi anu, osati kumuflasha. Mufunseni ngati wadya, ngati chifuwa chija chidatha, ngati ali ndi anzake, ndi kumene wayenda Lamulungu lapitali. Akakuuzani kuti adapita kudziwe ndi anzake, muuzeni kuti wachita bwino. Kenaka tsazikani osapempha kanthu. Mwina adzadikira kaye, kuyembekeza kuti pempho likubwera, ndipo kudikira kumeneko kudzakuuzani mmene takhala tikumuchitira.

Ambuye akusungeni nonse, a kuno ndi a kutali, mpaka tidzachezenso sabata yamawa.